Chitenje cha Kumunda

Zonsezi zinayambira pa usipa. Loweruka lina a Bonifasio, atsibweni ake a Easter, mlongo wawo wa malemu amayi ake, anapalasa njinga kupita ku msika wa Mbulumbuzi kukafuna ndiwo. Wogulitsa anawakulungira usipa m'chipepala cha nyuzi, iwo n'kulonga m'thumba la jekete. Atafika pakhomo anakhuthulira usipawo m'mbale, ndipo pamene amati ataye pepala anaona kuti pali munthu womudziwa. Analiwongola pabondo. Anachotsa timamba ndi chala. Kenako anaitanitsa magalasi.

Easter anali pakhonde pake akusenda nandolo wamuwisi pamene anawaona akubwera wapansi, pepala kumanja, mutu uli pamtunda. Munthu amene sasiya chipewa ngakhale popita kuseri kwa nyumba. Easter anayamba kuganiza za abale amene anali odwala, kuti kaya watisiya ndani.

"Iwe Easter, uyu ndani?"

Anayang'ana. Munda wa nandolo, nkhungu ya m'mawa, phiri la Chiradzulu likusuzumira kumbuyo. Kutsogolo kwake mayi atabereka mwana, khasu paphewa, nkhope atatembenuzira kumbali. Bulauzi yong'ambika m'khwapa, chitenje chosuluka chobooka pabondo, miyendo ili mbuu, ming'alu ya kuzidendene ikuoneka bwinobwino ngati kuti ndiyo inapempha kujambulidwa. Pamimba pa mayiyo panali dontho la mafuta a usipa. M'munsi analemba dzina la chithunzicho, "Kupirira", ndi dzina la wojambula. Wojambulayo anali Lameck, mwamuna wake.

"Ndine," anatero Easter.

"Ndimafuna ndimve pakamwa pako. Ukupirira chiyani, mwana wa mchemwali wanga, chimene ine sindikuchidziwa koma dziko lonse lauzidwa?"

Apa tibwerere m'mbuyo pang'ono. Lameck anachokera ku Likoswe kudzakwatira m'mudzimo zaka zisanu zapitazo, ali ndi njinga, khasu ndi kamera. Anamanga nyumba pa malo a kuchikazi monga amachitira mkamwini aliyense, pakati pa sabata n'kumalima munda wa Easter, Loweruka ndi Lamulungu n'kumajambula maukwati ndi ubatizo. Ntchito ankaidziwa. Ankadziwa kuti munthu wa kuno akafuna kujambulitsa amayamba wasamba, wadzola mafuta, wavala zovala za pansi pa sutikesi, ndipo ngati alibe nsapato amabwereka kwa mnansi. Akatero amaima njo, manja m'mbali, ndipo wojambula ayenera kumutenga yense, kuyambira duku mpaka pansi. Kudula munthu miyendo pa chithunzi ndi mlandu, pakuti mwini nsapato naye amafuna aone kuti zake zinatuluka bwanji.

Mafoni atachuluka, aliyense anasanduka wojambula, oitana Lameck n'kuchepa. Ndiye kunapezeka bungwe lina ku Blantyre limene linaitana ojambula a m'midzi ku maphunziro a sabata imodzi. Lameck anapita ali wojambula, anabwerako ali china chake chimene Easter anachisowera dzina. Anabwera ndi kachipewa kopanda mlomo ndi liwu limodzi limene amalithira paliponse ngati mchere: luso.

"Amake Tawina, kale ndinkangojambula anthu. Pano ndikujambula kuwala."

"Chabwino. Kuwalako kukamadzakwatiwa kudzakuitanani."

"Simukumvetsa. Kujambula ndi luso lapamwamba, lofanana ndi kusema, lofanana ndi kupeka nyimbo."

Easter sukulu analekezera Sitandade 7, koma luso ankalidziwa. Luso ndi la mayi amene amakumba dothi kudambo n'kuumba mtsuko wosadontha. Luso ndi la telala wa pa Mbulumbuzi amene amangokuyang'ana kamodzi, diresi n'kukukwana. Amenewa amayamba ndi chinthu chosaoneka bwino, manja awo n'kuchisandutsa chinthu. Koma kamera imapeza zonse zilipo kale, Mulungu atalenga, telala atasoka. Chotsala n'kudina batani basi.

"Tawina naye anadinapo tsiku lija mutaiwala kamera pampando," anamukumbutsa. "Mwana wa zaka ziwiri. Chinatuluka ndi phazi la nkhuku."

"Ndipo chinali chithunzi champhamvu," anayankha Lameck, osaseka n'komwe.

Apo Easter anadziwa kuti awa si matenda opita nawo kuchipatala.

M'mawa wina m'nyengo yozizira, ali kumunda, Easter anamva kamera ikuti khethe kumbuyo kwake. Sanacheuke. Lameck masiku amenewo amajambula chilichonse, chulu, mthunzi wa dengu, mbuzi ikuyasamula. Patapita miyezi iwiri anabwera akuvina kuti chithunzi chake chatenga malo achiwiri pa mpikisano, achikuza ngati zenera, achipachika m'holo ina m'tauni. Easter atafunsa kuti n'chachiyani, iye anati n'cha phiri. Sananame kwenikweni. Phirilo linalipo.

Tsopano phirilo linali pabondo pa a Bonifasio, likununkha usipa.

"Atsibweni, izitu ndi zovala za kumunda. Nanga munthu angapalire atavala chilundu?"

"Za kumunda ndikuzidziwa. Akazi anga ali nazo zoposa apa kung'ambika. Koma unawaonapo nazo pa chithunzi? Munthu pojambulitsa amavala zabwino koposa pa zonse zimene ali nazo. Ngati zabwino zako ndi izi, zoipazo n'zotani?"

"Tiyeni m'nyumba ndikutsegulireni sutikesi."

"Sutikesi! Mwamuna wa Misozi sanatitsegulire sutikesi? Yodzaza mpaka yokana kutseka? M'mawa mwake eni zitenje anabwera kudzatenga zawo. Sutikesi imanama, mwanawe. Chithunzi sichinama."

Misozi anali mkulu wake wa Easter. Mwamuna wake anasamuka m'mudzimo chaka chatha, mphasa kumutu, khasu kumanja, ndipo amene anamuonetsa njira anali a Bonifasio omwewa. Iwo ndiwo eni mbumba. Akanena kuti mkamwini watha ntchito, ndiye kuti watha.

"Ndipo ngati zovala uli nazo," anapitiriza akupinda pepala lija bwinobwino, "ndiye kuti akamwiniwa anakubisalira m'nandolo, kukujambula iwe osadziwa, n'kukakuyanika pamaso pa anthu. Sankha wekha. Kaya sakuveka, kaya anakuvula pagulu, kwa ine njira ndi imodzi, yopita ku Likoswe. Uwauze aitane nkhoswe yawo Lachitatu."

Lameck anafika dzuwa litapendeka. Easter sanakuwe. Anamupatsa madzi akumwa, kudikira akhale pansi, n'kumuuza kuti phiri lija latuluka mu nyuzipepala.

"Zoona?" Nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa chitumbuwa. "Tsamba lonse?"

"Theka. Theka linalo anakulungira wina."

Atamva nkhani yonse, kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono. Anavula kachipewa kaja n'kumakapotokola m'manja. Easter anamuyang'ana, mtima ukumuuza kuti atenge lichero la nandolo amuveke m'malo mwa chipewacho. Akazi onse a ku mjigo adzaona ming'alu yake. Anzake a ku kwaya adzaona khwapa lake. Koma mutu wake, umene sunkalola mtima kuyankhula nthawi yaitali, unali utayamba kale kuika zinthu pasikelo. Lameck samwa. Mizere yake kumunda ndi yowongoka ngati wachita kuika chingwe. Tawina atakomoka ndi malungo, tcheni cha njinga chitaduka, bamboyu anathamanga naye kumsana mpaka kuchipatala cha Mbulumbuzi osaima. Akaseka, nyumba imafunda. Mwamuna wotere satayidwa chifukwa cha kachipewa.

"Mverani, abambo a Tawina. Lachitatu mukanene kuti tinachita kupangana. Kuti ine ndinavala dala zija."

"Ayi. Zimenezo ndiye ayi."

"Mwati bwa?"

"Oweruza anachikonda chifukwa n'choona. Mayi wina wa magalasi anachita kupukuta misozi, akuti uwu ndiye moyo weniweni, palibe chokonza. Malamulo a mpikisano amakana zochita kukonza. Maso anga ndi amene anaona chimene ena amangodutsa. Luso lake lili pamenepo. Ndikati ndi sewero, ndachipha chithunzicho."

"Mayi wa magalasiyo ali ndi malo oti mukamangepo nyumba?"

"Atsibweni ndi munthu wanzeru. Ndikawafotokozera bwinobwino, akamva."

Easter anatola lichero lake n'kupitiriza kusenda. Nandolo ameneyo anasendedwa mwankhanza.

Lachitatu m'mawa anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Bonifasio. Amuna pa mipando, akazi pa mphasa. Nkhoswe ya Lameck anali achimwene ake a Gladson, a kabaza, amene anafika thukuta lili kamukamu atanyamula chinthu chachikulu chokulungidwa m'thumba la feteleza. Atamasula, anthu anati haa. Chinali chithunzi chomwe chija, cha mufulemu ndi galasi, chimene a mpikisano anapatsa Lameck, iye n'kukachibisa kwa achimwene ake. A Gladson amaganiza kuti anthu akaona fulemu yokongolayo mitima itsika. Anachitsamiritsa ku mtengo. Popanda mafuta a usipa, ming'alu ija tsopano imaoneka ngakhale kwa amene anakhala kumbuyo.

"Zikomo achimwene, mwatithandiza," anatero a Bonifasio. "Papepala paja kubooka kwina sindinakuone."

A Gladson anayesa. Anati m'bale wawo si munthu woipa, anati zimenezi kutauni amazitcha luso, anati azungu amazikonda. Atafunsidwa kuti lusolo n'chiyani, anakanda m'mutu n'kunena kuti mwini wake alipo, afotokoze yekha.

Lameck anaimirira. Anayamba ndi nkhungu. Anafotokoza mmene kuwala kwa m'mawa kumagwera paphewa la munthu, mmene mzere wa khasu ukulozera ku nsonga ya phiri, mmene mizere ya nandolo ikukokera diso pakati. Anati chithunzi cha munthu woima njo atabwereka nsapato n'chabodza, koma ichi chikunena zoona zokhazokha.

"Imani pomwepo, akamwini," anatero a Bonifasio. "Mwati chikunena zoona?"

"Zokhazokha, atsibweni."

"Ndiye mkazi wanu ndi uyu, mmene alilimu?"

"Eya, koma muone kuwala..."

"Kuwala ndakuona. Amafunda kumeneko kukazizira? Ndipo anakuvomerani kuti mumujambule?"

Lameck anayang'ana pansi. "Akanadziwa, akanasintha nkhope. Luso limafuna munthu asadziwe."

Akazi pa mphasa anang'ung'udza. Misozi anaomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. A Gladson anayamba kuyang'ana kumene anaimika njinga yawo, ngati munthu amene akuganiza kuti ponyamula mphasa ndi khasu adzamanga bwanji pakaliyala. Easter anaona atsibweni ake akuvula magalasi n'kuwapinda. Anawaonapo akutero kamodzi, chaka chatha, mawu otsiriza asanatuluke. Mwamuna wake anali atadzikumbira dzenje ndi mawu okongola, tsopano anali m'kati akuyamikira kuya kwake.

"Atsibweni, ndiyankhuleko?"

"Yankhula, mwini mavuto."

Easter anakonza Tawina pamiyendo. "Pa Lachisanu Loyera ku tchalitchi kuja, pa sewero la masautso a Ambuye, Yudasi amakhala ndani?"

A Bonifasio anadzidzimuka pang'ono, kenako chifuwa chinatukuka chokha. "Funso lanji limenelo? Zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Anayesapo wina chaka chimene ndinadwala, anthu anangoseka."

"Ndimakumbuka chaka china agogo ena anakugendani ndi chibuma."

"Apa," anatero iwo akuloza pamwamba pa khutu, monyadira. "Chipsera chilipo."

"Ndiye munawagulitsadi Ambuye?"

"Iwe, usandilaule! Lija ndi sewero."

"Ichinso ndi sewero," anatero Easter akuloza chithunzi ndi chibwano.

Anthu onse anatembenukira chithunzi chija. Lameck anatsegula pakamwa, a Gladson n'kumuponda phazi.

Easter sanakonzekere zambiri, koma atangoyamba, bodza linabwera lokha ngati madzi a mumjigo. Anati a mpikisano amafuna chithunzi cha mayi wovutika, ndipo iye ataona kuti abambo a Tawina akusowa pogwira, anati abweretse nkhaniyo kwa iye. Chitenjecho anachitenga pa khola la nkhuku, pamene chimatchinga mphepo. Pabondo anaboola yekha ndi mpeni. Bulauzi anang'amba ndi mano. Miyendo anapaka phulusa losakaniza ndi dothi, kuyambira m'mawondo kutsika. Anadzuka m'mamawa masiku atatu kudikira nkhungu, tsiku loyamba inachepa, lachiwiri inachuluka mpaka phiri kusowa. Nkhope yachisoniyo anaipeza poganizira mbuzi yake imene inafa ndi chitopa.

"Chitopa n'cha nkhuku," anatero Misozi.

"N'chifukwa chake zinandimvetsa chisoni kwambiri, achemwali."

Akazi anaseka. Easter anaona kuti mphepo yatembenuka, n'kuwonjezera moto. Anati ngakhale pamene Lameck anaima pojambula, anachita kumulozera ndi iyeyo, kuti khasu liloze phiri.

"Nanga bwanji akamwiniwa akuti sunadziwe?" anafunsa a Bonifasio.

"Atsibweni, inu mukamalandira thumba la ndalama zasiliva lija, mumatembenukira anthu n'kuwauza kuti musadandaule, m'thumbamu ndi zitsekerero za mabotolo?"

"Sindingatero! Sewero lingafe."

"Ndiye abambo a Tawina akuopa kupha sewero. Akutauni aja akhulupirira, ena mpaka kulira. Inunso, a Yudasi enieni, munakhulupirira."

A Bonifasio anavalanso magalasi. Anadzuka, kupita pa chithunzi paja, kuwerama, manja kumbuyo. Anakhalapo nthawi. Kenako anatembenukira Lameck.

"Akamwini, ndikufunsani kamodzi. Zimene wanena mwanayu n'zoona?"

Easter sanamuyang'ane mwamuna wake. Anayang'ana chala chake chakuphazi. Ankadziwa chimene wamuika pakhosi. Chinthu chokhacho chimene Lameck anapangapo n'kutamidwa ndi anthu osamudziwa, m'mawa umodzi umene maso ake anaona bwino, tsopano amayenera kuchikana pamaso pa anthu. Tawina anatsika pamiyendo ya amake, kupita tayale tayale n'kukagwira thalauza la bambo ake.

"N'zoona, atsibweni," anatero Lameck ndi mawu ang'onoang'ono.

"Chitenje anasankha ndi iye?"

"Ndi iye."

"Phulusa?"

"Iye."

"Poima?"

Lameck anatseka maso. "Iye."

"Nanga inuyo munachitapo chiyani?"

Easter anamuyankhira mwamuna wake monga mkazi wabwino. "Anadina batani."

A Gladson anatsokomola kwambiri. A Bonifasio anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza chimene amachikayikira kale.

"Ndiye luso lilipo," analengeza. "Ndaliona. Kujambula ndi luso ndithu, ndipo lalikulu. Kungoti dzina analemba m'munsimu ndi lolakwika. Zimenezi n'za m'magazi. Malemu mchemwali wanga akakhala Veronika pa sewero, amuna akuluakulu ankalira." Anaweramanso pa galasi, tsopano ngati mmisiri woyendera ntchito ya mnzake. "Koma mwanawe, ndikulangize, pakuti ine ndinayamba kale. Phulusa unachulutsa. Palibe munthu amatuwa chonchi. Ndipo kubooka kwa pabondoku kukuchita kuonekeratu kuti n'kwa mpeni. Nsanza yeniyeni sing'ambika motere."

"Ndamva, atsibweni," anatero Easter modzichepetsa. Chitenjecho anali atachivala kumunda zaka zitatu, ndipo pabondopo panabooka ndi kugwada popalira.

"Ming'aluyi yokha ndiye wakhoza. Unapanga bwanji?"

"Makala."

"Ndimadziwa."

Chigamulo chinali chachifupi. Akamwini akhale, palibe mlandu wa kusaveka. Koma popeza si onse amamvetsa za luso ngati iwo a Bonifasio, ndipo usipa wa pa Mbulumbuzi umapita m'makomo ambiri, Lameck ajambule mkazi wake chithunzi chenicheni Lamulungu likudzali, potuluka ku Misa. Chikhale chachikulu ngati chomwechi, munthu aoneke yense, ndipo chikapachikidwe pabalaza pa a Bonifasio kuti aliyense wobwera ndi mafunso azikangolozeredwa.

Pobwerera kunyumba Lameck anayenda kutsogolo, chithunzi chija kukhwapa. Atafika pa mphambano anaima.

"Akamva akutauni, andilanda malo achiwiri aja."

"Akutauni sagula usipa pa Mbulumbuzi."

"Munandivula, amake Tawina."

"Zimawawa eti?" anatero Easter, n'kumupitirira.

Lamulungu dzuwa linali paliwombo. Easter anaima kutsogolo kwa tchalitchi atavala chilundu chake chobiriwira, duku lomanga mokweza, nsapato zake zenizeni zimene Lameck anamugulira chaka cha ubatizo wa Tawina. Nkhope inali phuliphuli ndi mafuta. Tawina anaima pambali ndi diresi la mphonje, akulira chifukwa cha masokosi.

"Kuwala kwa masana n'koipa," anadandaula Lameck, diso lili pa kamera. "Tidikire madzulo. Mwina mutembenukire kumbali pang'ono, muyang'ane kutali..."

"Akamwini!" anakuwa a Bonifasio ali kumbuyo kwake, akusuzumira paphewa. "Nsapato zikuoneka?"

"Zikuoneka."

"Zonse ziwiri? Dinani."

Easter anaima njo, manja m'mbali, maso tong'o pa kamera. Khethe. Chitatsukidwa, anthu onse anavomereza kuti chimenechi ndiye chithunzi. Akazi a ku kwaya amabwera dala kwa a Bonifasio kudzachiona, n'kumafunsa dzina la telala.

Chinacho, cha nsanza, chinakhala masiku angapo chitayang'ana kukhoma kuseri kwa chitseko. Tsiku lina masana, Lameck atapita kukagulitsa nandolo, Easter akusesa anachitembenuza kuti aone ngati galasilo lingakwane pa zenera la kuchipinda limene amatseka ndi katoni. Analiyeza ndi dzanja. Limakwana.

Anakhala pansi kuti achotse timisomali ta kumbuyo, chithunzi chili pamiyendo. Aka kanali koyamba kuchiyang'ana popanda munthu womuyang'ana iye. Ming'alu inalipo, khwapa linalipo. Koma anaonanso chinthu chimene pa mlandu paja palibe anachitchula. Dzanja lamanzere la mayiyo linali litapita kumbuyo, litagwira kaphazi ka mwana, chala chachikulu chili pa chidendene. Easter sankadziwa kuti amatero. Amene ankatero anali amayi ake. Ankagwira phazi la mwana wa kumsana choncho akamayenda, ndipo khosi ankalipendeketsa chomwecho akamayang'ana ngati mvula ibwere. Amayi akewo anajambulitsa kamodzi kokha moyo wawo wonse, ataima njo, atavala nsapato za eni, ndipo pa chithunzi chimenecho Easter sankawapezapo. Apa anali pomwepo, m'munda mwawo, ndi khasu.

Anakhala choncho mpaka nkhuku inalowa m'nyumba n'kuyamba kujompha tsache. Anaipirikitsa. Timisomali tija anatisiya. Anatsitsa sutikesi, kutulutsa zitenje zonse, kugoneka chithunzicho pansi penipeni, n'kubwezera zitenjezo pamwamba, chilundu chobiriwira pomalizira. Zenera linatsala ndi katoni yake.

Lameck pobwera anayang'ana kuseri kwa chitseko, n'kupeza palibe.

"Mwatentha?"

"Ndasunga."

"Kuti?"

"Kumene sikufika mbewa."

Lameck anayang'ana sutikesi, imene tsopano imakana kutsekeka bwino, n'kuyang'ana mkazi wake. Kamwemwe kanayamba pakona ya mlomo.

"Ndiye mwavomera kuti ndi luso?"

"Galasi lake ndi labwino," anatero Easter akupeta nandolo.

M'mawa mwake kunagwa nkhungu yokongola, yeniyeni ija imene phiri limangosuzumira. Easter anamanga chitenje chake chobooka pabondo, kubereka Tawina, n'kutuluka. Lameck anatuluka pambuyo pake, kamera ili pakhosi, maso ali kumwamba. Easter anaima pakhomo, kuvula kamerayo pakhosi pa mwamuna wake mwaulemu wonse, kuikoleka pa msomali, n'kumupatsa khasu.